Nthambi za Mango pa Msewu wa ku Chiparamba

Inu ana anga, Dalitso, Tiyanjane ndi Mwayi, mwakhala mukundifunsa kangapo konse chifukwa chake ndinagwira ntchito ya upolisi zaka makumi atatu n'kupuma ndili sajeni, pamene anzanga amene ndinalowa nawo limodzi anapuma ali ndi nyenyezi pamapewa. Tiyanjane ndiye anafika ponena kuti mwina amayi anali aulesi pa mabuku. Sindinali waulesi pa mabuku. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe zimene zinachitika, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuweruza.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Za ubwana wanga sindilemba, pakuti agogo anu anakuuzani kale zokwanira, zina zoona, zina zowonjezera. Ndiyambire tsiku limene ndinatsika basi ndi sutikesi ya malata pa kaposti kena kufupi ndi Madzimoyo. Ndinali mkazi ndekha pakati pa amuna asanu ndi mmodzi. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kusesa, kutaipa ndi kusecha azimayi ogwidwa ndi kachasu, moti ndinayamba kudzifunsa ngati maphunziro onse aja a perete ndi mfuti anali oti ndidzagwirire tsache.

Mkulu wa posti anali Insipekita Jere, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankawerenga sitetimenti iliyonse atagwira pensulo yofiira. Tsiku lina ndinalemba za munthu wina kuti ankaoneka wakuba. A Jere anandiitana n'kundifunsa kuti wakuba amaoneka bwanji, kuti nawonso azimuzindikira akakumana naye pamsika. Anadula mzere wonsewo n'kunena kuti, "Mwana iwe, pepala ili limangofuna zimene maso ako aona ndi zimene makutu ako amva. Maganizo ako uzipita nawo kunyumba." Ndinawada sabata yathunthu, koma sindinalembenso za maonekedwe a wakuba.

Amene anandiphunzitsa ntchito ya pamsewu anali a Sakala, konistebulo wamtali, wa nthabwala, amene anandiposa zaka khumi pa ntchito. Mayeso a usajeni anali atawalephera katatu, ndipo ankati mayesowo ndi amene analephera iwo. Ndi a Sakala amene anandionetsa kuti ukafuna kuimitsa galimoto uziima pamene dalaivala akuonere patali, chipewa chili kumutu, dzanja lamanja lili m'mwamba, osalikupiza ngati ukuitana mwana. Ankanditchula kuti mlongo. Zaka za pambuyo pake, pamene iwe Dalitso unadwala chikuku uli wakhanda, a Sakala anagwira mashifiti anga milungu iwiri osauza aliyense. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa libweranso m'nkhani ino.

Zaka zanga ku trafiki

Nditakwatiwa ndi bambo anu tinasamukira ku Nabvutika, ndipo ine anandiika ku trafiki pa siteshoni ina kunja kwa tauni, imene sinditchula dzina. Patapita zaka zingapo a Sakala anawabweretsanso komweko. Ine ndinali nditakhoza usajeni, kotero wophunzira anakhala mkulu wa mphunzitsi wake. Iwo sanadandaule. Ankangondipatsa sawatcha yaitali kuposa yoyenera kuti anthu aseke.

Inu amene munakula zinthu zitasinthako simungamvetse kusowa kwa masiku amenewo. Yunifomu ndinali nayo imodzi, yochapa Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi n'kuiumitsa ndi ayironi. Majuzi a boma tinkangowamva. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mafomu akale. Galimoto ya siteshoni inakhala pa miyala nthawi yaitali kotero kuti nkhuku ya a Sakala inaikira mazira pa mpando wa dalaivala n'kuswa anapiye asanu ndi awiri. Za rodibuloko tinali ndi makoni anayi apulasitiki oimika pamsewu, chikwangwani chimodzi cholembedwa kuti apolisi ali patsogolo, ndi majekete awiri owala. Zimenezi tinkazisamala kuposa mfuti.

Milandu ya madalaivala othawa apolisi ndinaiona yambiri, ndipo ku khoti ndinkapita pafupifupi mwezi uliwonse monga mboni. Wothawa ankaimbidwa milandu iwiri nthawi zambiri. Woyamba unali wokana kuima wapolisi wa yunifomu atamuimitsa. Wachiwiri, umene unali waukulu, unali woyendetsa galimoto mosasamala za moyo wa anthu. Pothawapo akavulaza munthu, ndende inkakhala pafupi ndipo laisensi inkapita. Zodziteteza nazo ndinaziloweza pamtima. Wina ankati mabuleki anakana, koma woyeza magalimoto akapeza kuti mabulekiwo anafa kalekale mwini wake akudziwa, mlandu unkangokula. Wina ankati ananyamula wodwala. Majisitireti ankafuna kadi la kuchipatala, ndipo ngakhale kadilo lipezeke ankanena kuti wodwala mmodzi sakupatsa chilolezo chopha anthu khumi pamsika, kungoti chilango chinkachepako. Wina ankati sanali iye pa chiwongolero, anali mlamu wake amene anapita ku Lusaka. Ndiye panali iwo amene ankati sanadziwe kuti owaimitsawo ndi apolisi. Amenewa ndiwo tinkawaseka kwambiri tikatuluka m'khoti, ndipo ine ndinkaseka kuposa onse.

Chaka changa cha khumi ndi chisanu ndi chinayi, mwezi wa Juni

Nthawi imeneyo mkulu wa siteshoni anali Insipekita Tembo. Sanali munthu wankhanza, koma ankakonda kwambiri kuti akuluakulu azimuona. Loweruka lina m'mawa analandira uthenga woti chimanga chikuzembetsedwa kudzera m'misewu ya kumidzi kupita kumalire, ndipo analamula kuti ine ndi a Sakala tikaike rodibuloko pa msewu wa ku Chiparamba. Ndinawakumbutsa kuti makoni, chikwangwani ndi majekete owala anazitumiza iwo eni ku tauni dzulo lake chifukwa kunkabwera mlendo wamkulu. Anati wapolisi weniweni safuna makoni. Galimoto ya siteshoni inali pa miyala monga mwa nthawi zonse, ndiye anapatsa a Sakala makiyi a kagalimoto kawo, koyera, ka magalasi akuda, kopanda chizindikiro chilichonse cha apolisi.

Tsiku limenelo kunazizira ndipo kunali mphepo. Ine ndinavala juzi yofiirira yoluka ndekha pamwamba pa yunifomu, a Sakala anavala jekete lakuda lovalidwapo kale, logula ku salaula. Zipewa zathu mphepo inazigwetsa kawiri, kachitatu tinaziponya m'galimoto. Popeza panalibe choika pamsewu, a Sakala anakwera mtengo wa mango, nathyola nthambi, n'kuzindandalika mbali zonse ziwiri za msewu. Ine ndinaona, ndipo sindinanene kanthu, chonsecho wamkulu pamalopo ndinali ine.

Mukudziwa nonse chimene nthambi zaziwisi pamsewu zimanena kwathu kuno. Ngati palibe lole yowonongeka, ndiye kuti pafupi pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wa njinga amatsika n'kuikankha, amuna amavula zisoti. Koma palibe amene amaima, pokhapokha ngati malirowo ndi amene wadzera. Ine ndinabadwira m'mwambo umenewu, a Sakala chimodzimodzi, koma m'mawa umenewo tonse awiri tinangoona nthambizo ngati makoni obiriwira.

Magalimoto awiri oyamba tinawaimitsa bwinobwino chifukwa madalaivala ake ankatidziwa nkhope. Cha m'ma teni koloko tinali titatsamira kagalimoto kaja tikudya mbatata yootcha, pamene inatulukira vani yakale yabuluu yodzaza matumba. Itayandikira nthambi zija inachepetsa liwiro mpaka kuyenda ngati munthu wapansi. Dalaivala anavula chisoti n'kuchigwira pachifuwa. Mayi amene anakhala pambali pake anachita chizindikiro cha mtanda. Vani inadutsa pakati pa nthambizo pang'onopang'ono, kenaka inayambanso kuthamanga. Ine ndinadumpha n'kukuwa kuti ima, mbatata ili m'manja, koma vaniyo inali itandipatsa kale msana. A Sakala anati chimanga chija ndi chimenecho, tikwere.

Tinaithamangitsa. Sairini tinalibe, ndiye a Sakala ankangoliza hutala ndi kuphethiritsa magetsi, ine nditatulutsa dzanja pawindo. Vani inawonjeza liwiro, ifenso tinawonjeza. Nyengo imeneyo inali yogulitsa zokolola, ndipo mbiri inali ponseponse ya anthu a timagalimoto ting'onoting'ono amene ankaimitsa alimi panjira n'kuwalanda katundu. Mbiri imeneyi ife apolisi tinkaidziwa kuposa wina aliyense, koma mkati mwa fumbi lija sinandifike m'mutu. Titayenda mtunda ndithu vani inalowa pa kamsika kena osachepetsa liwiro. Anthu anabalalika, mayi wina wogulitsa tomato anadumphira m'ngalande ndi mwana kumsana, ngolo ya ng'ombe inapulumuka mwamwayi. Itangopitirira kamsikako vaniyo inalephera kukhota, inalowa m'dzenje la m'mbali mwa msewu n'kugona cham'mbali. Matumba anang'ambika, ndipo zimene zinamwazika pamsewu sizinali chimanga, unali mtedza.

Dalaivala anatulukira pawindo magazi ali pamphumi. Anali bambo wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu. Anagwada pa fumbi, manja m'mwamba, makiyi ali m'dzanja, n'kunena kuti, "Tengani motoka, tengani zonse, koma musatiphe. Akazi anga apweteka." Pamenepo m'pamene ndinadziyang'ana. Ndinavula juzi ija, iye anaona yunifomu, natsitsa manja pang'onopang'ono n'kukhala pansi. Dzina lake anali Yohane Mbewe, mlimi wa ku Chiparamba. Akazi ake, Mayi Mbewe, anathyoka mkono ndi fupa la paphewa, ndipo anali atakomoka. Tinawatengera ku chipatala pa kagalimoto komwe kaja kanawathamangitsa.

Lolemba lotsatira

Ndinapeza sitetimenti yanga italembedwa kale, yotaipidwa bwino, ili patebulo la a Tembo. Inkanena kuti pamsewu panali makoni ndi chikwangwani, kuti ine ndi a Sakala tinali mu yunifomu yonse ndi zipewa kumutu, ndipo kuti ndinakweza dzanja vani ikadali patali koma dalaivala anandiona n'kuthawa dala. Za nthambi munalibe, za juzi munalibe. Ndinawauza a Tembo kuti sizinayende choncho. Iwo sanakwiye. Anandifotokozera mofatsa kuti zoona zikalembedwa, akuluakulu adzafunsa amene anatuma apolisi pamsewu opanda zida, pa galimoto ya munthu wamba, mpaka mayi kuvulala, ndipo mafunsowo sadzathera pa iwo okha. Anandikumbutsa kuti dzina langa linali pa mndandanda wa opita ku kosi ya uinsipekita kumapeto kwa chaka. Kenaka anandionetsa sitetimenti ya a Sakala, yofanana ndi yanga mawu ndi mawu, yosainidwa kale. A Sakala anali atatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti apume ntchito.

Ndinasaina. Ndalemba poyera kuti pasakhale wa inu wondiyesa mngelo. Ndinasaina, ndinapereka sawatcha, ndinatuluka, ndipo masana ndinadya bwinobwino.

A Mbewe anaimbidwa milandu iwiri ija, wokana kuima ndi woyendetsa mosasamala za moyo wa anthu. Wosuma milandu anandiuza kuti ndi masitetimenti otere, komanso munthu atavulala, bamboyu zaka zingapo ku ndende sazilewa ndipo laisensi aiwale. Pambuyo pake ndinamva kuti anali ndi ana asanu, ndipo vani ija inali yokhayo m'midzi itatu. Ndiyo inkanyamula mtedza ndi thonje kupita kumsika, odwala kupita ku chipatala, ndi kwaya kupita ku parishi.

Lachitatu ananditumiza ku chipatala kukatenga sitetimenti ya Mayi Mbewe, poti ndinali mkazi mnzawo. Ndinapita mu yunifomu yonse, chipewa kumutu, ndipo sanandizindikire. Anandiuza za anthu awiri amene anawathamangitsa, mwamuna wa jekete lakuda ndi mkazi wa juzi yofiirira. Anati ataona nthambi anafunsana ndi amuna awo kuti kodi wamwalira ndani m'dera lino osamva uthenga, ndipo ataona kagalimoto koyera kakuwatsata anayamba kupemphera korona mokweza. Achibale anali atawauza kuti owathamangitsawo anali apolisi, koma za nthambi palibe anawafotokozera. Nditamaliza kulemba anandigwira dzanja ndi mkono wawo wabwinowo n'kundifunsa kuti, "Amayi, inu mumamva zambiri. Maliro aja anali a yani? Tinadutsa osapepesa." Ndinawauza kuti ndifufuza. Ndinatuluka m'chipindamo manyazi atandigwira kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Bambo anu ndinawauza zonse madzulo a tsiku lomwelo akuchonga makope a ana a sukulu. Sanandilalikire, sanali munthu wotero. Anangofunsa ngati chisoti chimene bamboyo anavula ndinachilemba m'sitetimenti. Nditati ayi, anagwedeza mutu n'kupitiriza kuchonga.

Mwezi wa Seputembala, chaka chomwecho

Mlandu unachedwa miyezi itatu, ndipo miyezi yonseyo ndinkasintha maganizo pafupifupi tsiku lililonse. Kosi ndinkaifuna, sindinama. Ndinali nditaidikira zaka zambiri, ndipo nyenyezi ikanatanthauza nyumba ya boma ndi sukulu yabwino ya inu. Koma chimene chinkandilemera kwambiri chinali a Sakala. Ndikananena zoona m'khoti, sitetimenti yawo ikanakhala bodza lolumbirira, ndipo munthu amene anandiphunzitsa kukweza dzanja pamsewu akanagwa ndi dzanja langa.

Lamlungu loti mlandu ndi Lachiwiri, nditaweruka ku tchalitchi, ndinapita kunyumba kwawo. Ndinawapeza akukonza njinga pansi pa mtengo. Tinacheza za mvula ndi za ana, kenaka ndinawauza kuti akandifunsa nditagwira Baibulo, sindidzanama.

"Mlongo, yatsala miyezi isanu," anatero osandiyang'ana.

Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinawapempha kuti nawonso akanene zoona, tigwe limodzi, mwina akuluakulu adzatimvera chisoni. Anapukuta manja pa nsanza nthawi yaitali.

"Nthambi zija ndinathyola ndine. Galimoto ndinayendetsa ndine. Iwe uli ndi zaka zina khumi zodzukira. Ine ndikagwa manje ndidzuka liti?"

Nditatsanzika sanandiperekeze. Zaka zonse zimene ndinkapita pakhomopo a Sakala ankandifikitsa pa msewu waukulu, koma tsiku limenelo anatsala ndi njinga yawo.

A Mbewe anapeza loya wa gulu lina lothandiza anthu osauka, mayi wachitsikana dzina lake Nyirenda, wa mawu otsika moti majisitireti ankamuuza kuti akweze. A Sakala analowa poyamba, ine ndikudikira panja monga zimakhalira ndi mboni, ndipo ananena zimene zinali pa pepala. Nditalowa ndinagwira Baibulo n'kulumbira. A Tembo anali atakhala pa benchi yakumbuyo. A Mbewe anali m'bokosi la oimbidwa mlandu atavala jekete lowakulira, akazi awo ali pa benchi yachiwiri mkono uli m'nsalu. Wosuma milandu anandifunsa za tsiku, za malo, za liwiro ndi za kamsika kaja, ndipo zonsezo ndinayankha zoona popanda vuto. Kenaka Mayi Nyirenda anaimirira n'kundifunsa chimene ndinavala tsikulo. Ndinati yunifomu. Anafunsa ngati panali china pamwamba pa yunifomuyo. Ndinati juzi yofiirira yoluka ndekha. Anafunsa za chipewa, ndinati chinali m'galimoto. Anayang'ana mapepala ake kanthawi, ndikuganiza kuti sanayembekeze kuti zikhala zophweka chotero.

"Sajeni Mwale, pamsewu munaika chiyani?"

"Nthambi za mango."

M'khoti munamveka phokoso, mpaka wapolisi wa pakhomo anakuwa kuti anthu akhale chete. Majisitireti anali bambo wachikulire wa magalasi. Ananyamula sitetimenti yanga n'kufunsa ngati siginecha inali pamenepo inali yanga. Ndinavomera. Anafunsa kuti zoona ndi ziti, za pa pepala kapena za pakamwa. Ndinati za pakamwa. Anafunsa ngati ndikudziwa chimene yankho limenelo lindichite. Ndinati ndikudziwa. Loya anati alibenso mafunso, koma ine ndinapempha khoti kuti ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene palibe anandifunsa. Atandilola ndinanena kuti vani isanadutse nthambizo inachepetsa liwiro, dalaivala anavula chisoti n'kuchigwira pachifuwa, ndipo mayi anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinanenanso mawu amene a Mbewe ananena atagwada pa fumbi. Sindinawonjezere maganizo anga, ndinangonena zimene maso anaona ndi zimene makutu anamva. Nditayang'ana pa benchi yachiwiri ndinaona kuti Mayi Mbewe andizindikira tsopano.

Chigamulo chinaperekedwa patatha milungu iwiri. Pa mlandu woyamba majisitireti anati lamulo limakakamiza dalaivala kuimira wapolisi wooneka kuti ndi wapolisi, wopereka chizindikiro chomveka, ndipo munthu sangaimbidwe mlandu wokana lamulo limene sanapatsidwe. Anati munthu wofuna kuthawa apolisi sayamba wavula chisoti. Mlandu umenewo anauthetsa. Pa wachiwiri sanawamasule. Anati mantha a a Mbewe anali enieni ndipo munthu aliyense wanzeru akanakhala nawo, koma mayi wa tomato ndi mwana wake sanalakwire aliyense, ndipo mantha sapatsa munthu ufulu wolowa pamsika ndi liwiro lotero. Anawapeza olakwa, koma chilango cha ndende anachiimika pambali malinga asalakwenso, ndipo laisensi anailanda miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndinaona kuti chigamulocho chinali cholungama, ndipo a Mbewe nawo sanachite apilo. Tsiku limenelo anakagona kwawo ku Chiparamba.

Zaka khumi ndi chimodzi zotsala

Ine anandiimba mlandu wa kuntchito wosaina sitetimenti yabodza, ndipo sindinaukane chifukwa unali woona. Anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, dzina langa analichotsa pa mndandanda wa kosi, ndipo ananditumiza ku kaposti kakutali kumene basi inkafika kawiri pa sabata. Mukukumbuka zaka zinayi zija munkakhala ndi bambo anu okha, ine ndikubwera kumapeto kwa mwezi. Munkauzidwa kuti ndi mmene ntchito ya boma imakhalira, koma chifukwa chake chinali chimenechi. Kalata ija inanditsata m'fayilo mpaka tsiku lopuma. Mayeso a uinsipekita ndinalemba kawiri n'kukhoza kawiri, Tiyanjane umve bwino pamenepa, koma dzina langa silinatulukenso. A Tembo anawasamutsira ku chigawo china, ndipo ndinamva kuti anakwezedwa.

A Sakala sanawatsekere, koma anapuma ntchito ndi kalata yoipa, ndipo penshoni yawo inachedwa kupitirira chaka. Anagulitsa njinga ija ndi ng'ombe ziwiri zimene anasungira ukalamba. Ndinawalembera makalata atatu, sanayankhe. Tinakumana kamodzi pamsika m'tauni, ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo, osatchula mawu oti mlongo. Atamwalira ndinapita ku maliro n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa azimayi. Za nyenyezi ndinaiwala kalekale, koma za a Sakala zimandiwawa mpaka lero. Sindikuti ndinalakwa kunena zoona. Kulakwa kwanga kunali m'mawa uja pamene ndinaona nthambi zikuikidwa n'kukhala chete, ndi Lolemba lija pamene ndinasaina. Ndikanakana pa tebulo la a Tembo, mwina a Sakala sakanafika polumbira bodza.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

A Mbewe sindinaonane nawonso chichokere m'khoti muja. Sanabwere kudzathokoza, ndipo sindinayembekeze kuti abwere, pakuti amene anathyoletsa mkono wa akazi awo ndinali ine ndemwe.

Bambo anu atamwalira, achinyamata a ku Nabvutika anaika nthambi pa msewu wa kutsogolo kwa nyumba monga mwa mwambo. Tsiku lachiwiri m'mawa munaona vani yakale yabuluu, ya zigamba thupi lonse, itadzaza nkhuni ndi matumba awiri a ufa. Iwe Mwayi unandifunsa kuti nkhalamba imeneyo ndi yani, ndipo ndinakuuza kuti ndi mnzawo wa bambo ako. Ndinakunamiza, chifukwa nkhaniyo inali yaitali ndipo ine ndinalibe mphamvu. Anali a Yohane Mbewe. Anamva uthenga wa maliro pa wailesi, nazindikira dzina.

Ndinali nditakhala pakhonde ndi azimayi a mpingo ndipo ndinaona zonse. Vani inafika pa nthambi yoyamba n'kuima pomwepo, ngakhale malo oimika magalimoto anali kutsogolo. A Mbewe anatsika, imvi zili mbuu, navula chisoti. Akazi awo anatsika mbali inayo, mkono uja uli wopindika pang'ono. Anayenda wapansi mpaka pakhonde, nagwada, napepesa maliro monga achitira aliyense. Atatha, Mayi Mbewe anakhala pambali panga pa mphasa. A Mbewe asanapite kwa amuna anzawo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, lero taima."

Galimoto imene a mpingo analonjeza inawonongeka m'mawa wa tsiku loika, ndipo mukukumbuka mmene munasowera mtengo wogwira. Vani imene inanyamula bambo anu kupita kumanda inali imeneyo, yomwe ndinaithamangitsa mpaka kuigwetsa m'dzenje. A Mbewe anayendetsa okha, chisoti chili pa mpando, ndipo anayenda pang'onopang'ono njira yonse.